Ganyu wochonga makope uku muli pa koleji

Mwa makalata amene afika pa imelo sabata ino muli ya mtsikana wa chaka chachiwiri pa MUBAS, yunivesite ya ku Chichiri mu Blantyre. Sukulu ina yapulayiveti ku Chilomoni yamupempha kuti azichonga homuweki ya masamu ya Fomu 3 ndi Fomu 4. Akufunsa ngati ganyuyu sangamusokonezere maphunziro, komanso kuti pa malipiro agwirizane nawo bwanji.

Achemwali, ganyuyu ndi wabwino, koma musavomere musanawerengetsere nthawi. Pemphani makope asanu muwachonge mukuyang'ana wotchi. Ngati kope limodzi likudya mphindi 4, kalasi ya ana 60 ndi maola 4, osawerengera kuphatikiza malikisi ndi kuwalemba m'kaundula. Makalasi awiri ndi maola 8 pa sabata, kuwonjezera pamenepo minibasi yochokera ku Chichiri kukatenga makopewo ndi kukawabweza. N'chifukwa chake mtengo mugwirizane pa kope, osati pa mwezi. Wolandira pa mwezi amangoona mulu ukukula, lero tesiti, mawa Fomu 2, ndalama ili yomweyo. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp: mtengo, tsiku lobweza makope, wolipira thiransipoti, ndi tsiku lolandira, kaya pamanja kaya pa Airtel Money kapena Mpamba. Muwauziretu masabata a mayeso anu a semesita kuti pamenepo simuchonga.

Tsopano kachongedwe, pomwe ambiri amagwa. Musagwire bolopeni yofiira mphunzitsi wa kalasiyo asanakupatseni marking scheme (pepala la mayankho ndi kagawidwe ka malikisi), ndipo mafunso onse muyambe mwawasova nokha, chifukwa nayonso scheme imatha kulakwika. Pa masamu malikisi amakhala pawiri: a njira ndi a yankho. Mwana akaika bwino manambala mu fomyula ya quadratic koma n'kusokoneza minus pomaliza, a njira ndi ake, ataye a yankho okha. Akalakwitsa gawo (a) la funso koma yankho lolakwikalo n'kuligwiritsa ntchito molondola pa (b), aphunzitsi ambiri amam'patsa malikisi a (b), poti kulanga mwana kawiri pa cholakwa chimodzi n'kumulakwira. Komabe funsani kaye mphunzitsi wa kalasiyo kuti iye amatani. Wina adzafika pa yankho podzera njira imene mulibe mu scheme. Itsatireni mzere ndi mzere musanaithethe. Kawirikawiri ameneyo ndiye amene wamvetsa.

Musamachonge kope lonse n'kutenga lina. Chongani funso loyamba m'makope onse, kenako lachiwiri. Mukamapita kope ndi kope, oyamba mumawaumira mtima, omaliza mumawalekerera chifukwa maso atopa, ndipo ana akafananitsa makope madandaulo amafika kwa ahedi. Mukamaliza bwererani ku makope asanu oyamba muone ngati muyezo sunasinthe.

Kungothetha sikuphunzitsa mwana kanthu. Zungulizani pamene cholakwa chayambira, lembani mawu atatu kapena anayi pambali. Papepala lina lembani zolakwa zimene zabwerezedwa, mwachitsanzo kuti ana 25 asokoneza sine ndi cosine, mukapereke limodzi ndi makope. Kapepala kameneka ndi kamene mphunzitsi amakafuna kwambiri, chifukwa kamamuuza choti abwereze ana asanakumane ndi MSCE.

Mukapeza makope awiri ofanana mpaka zolakwa, musaike ziro. Aikeni padera mukaonetse mphunzitsi, chilango ndi udindo wake. Kope la m'bale wanu kapena mwana wa aneba nalonso m'bwezereni mphunzitsi achonge yekha. Malikisi a ana musawajambule n'kutumiza kwa anzanu.

Makope muziwawerenga polandira ndi pobweza, mphunzitsi akuona, ndipo nonse musayine. Nyengo ya mvula akulungeni mujumbo musanawaike m'chikwama, chifukwa m'kope lomwelo mumakhalanso manotsi a mwana a teremu yonse.