Wakuba ali pa Facebook, umboni uli ku America: kodi mlandu wathera pomwepo?

Mayi wina wa ku Chinamwali wandilembera imelo. Analipira pa foni ndalama za mabelo awiri a kaunjika kwa munthu wa pa Facebook, tsamba lija lazimiririka, ndipo anzawo akuwauza kuti angoiwala poti Facebook ili kunja.

Mayi, mlandu wanu sunafe. Chimene chikufa pamene mukudikira ndi umboni.

Mlandu ngati uwu uli ndi miyendo iwiri. Wina uli konkuno: nambala imene inalandira ndalama, dzina limene simu khadiyo inalembetsedwa, ndi ejenti amene anatulutsa ndalamazo. Zimenezi apolisi angazipeze kwa Airtel kapena TNM ndi chikalata cha khoti, osadutsa malire. Mwendo winawo uli m'makompyuta a Meta, kampani ya ku America yomwe ndi mwini wa Facebook ndi WhatsApp, ndipo chikalata cha majisitireti wa ku Zomba sichingaikakamize kutulutsa mauthenga. Pamafunika boma kupempha boma linzake, ndipo makalata oterewa amatha miyezi akuyenda.

N'chifukwa chake Pangano la ku Budapest la 2001, la mayiko pa milandu ya pa intaneti, linasiyanitsa zinthu ziwiri: kusunga umboni ndi kuupereka. Gawo 29 limalola dziko la m'panganoli kupempha linzake kuti lisunge zomwe zili m'kompyuta kwa masiku osachepera 60 makalata akukonzedwa, ndipo gawo 35 limafuna dziko lililonse la m'panganoli likhale ndi ofesi yoyankha usana ndi usiku. Nayo Meta imasunga zolembedwa za akaunti kwa masiku 90 apolisi akapempha. Pempholo si la inu, ndi la wofufuza. Apa ndiye pamene milandu yambiri imathera, osati ku likulu la Meta ku California ayi, koma patebulo pamene wina walemba sitetimenti n'kuika mu fayilo osatumiza pempho la mizere isanu.

Ndinene mosapsatira mawu: misonkhano ya m'mahotela ndi mapangano, kaya la Malabo la 2014 kaya la United Nations la mu Disembala 2024, sizithandiza mayi wa kaunjika ngati wapolisi wa pa kauntala sanaphunzitsidwe kufunsa linki ya tsamba. Lamulo tili nalo kuyambira 2016, la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Chosowa ndi manja odziwa.

Ndiye pali nkhani ya nthawi, imene imagwetsa ngakhale ofufuza akhama. Meta ikapereka IP address, nambala yosonyeza pamene munthu analowera pa intaneti, nambalayo payokha siloza munthu, chifukwa pa netiweki ya foni anthu ambirimbiri amagawana nambala imodzi. Pamafunika tsiku, ola, mphindi ndi sekondi. Zolembedwa zakunja kawirikawiri zimabwera pa nthawi ya UTC, yomwe dziko lonse limayendera, pomwe ife tili patsogolo ndi maola awiri. Ukaiwala kuwonjezera maola awiriwo, ukagwira mphunzitsi wa ku Domasi wosalakwa, mbava ikumwa tiyi ku Mpondabwino. Za WhatsApp musayembekezere zambiri: mauthenga akafika, kampani siisunga zimene munalemberana. Zili mufoni mwanumo.

Chochita sabata ino

Foniyo musaigulitse, musaifulashe, ndipo wakubayo musamuchotse pa macheza. Sikirinishoti ndi yothandiza koma ndi yofooka m'khoti, poti aliyense angathe kuikonza. Foni yeniyeniyo ndi imene imalemera. Lembani papepala linki ya tsambalo ngati ikupezekabe m'mauthenga, osati dzina lokha, popeza dzina amasintha ngati malaya. Sungani uthenga wa malipiro wokhala ndi nambala ya transaction. Imbirani kampani ya foni lero lomwe. Kupolisi tengani nambala ya fayilo, ndipo mufunse mwaulemu kuti, "Bwana, kodi pempho losunga umboni lapita ku Meta, ndipo lapita liti?"