Maloto a azakhali ndi nkhani ya umboni

Chemwali wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo sabata yathayi. Akuti azakhali ake analota malume atavala zoyera, patangotha masiku atatu malumewo anamwalira, ndiye akufunsa kuti ngati izi si umboni wa mizimu, nanga umboni weniweni ungakhale wotani?

Choyamba pepani ndi maliro achemwali. Koma ndikufunseni, malotowa azakhali anawanena liti, malume ali moyo kapena anthu atasonkhana kale pa siwa? Komanso analotapo kangati zinthu zomwe sizinachitike? Mayi anga amandilota ndili m'bokosi pafupifupi dzinja lililonse, amaimba foni mamawa mawu akunjenjemera, koma ine ndine ndikadali kulimbirana mpando wa minibasi pa depoti. Maloto ophonya timaiwala msanga, lolondola limodzi lija ndi lomwe timafotokoza mpaka kwa adzukulu.

Ine chomwe ndingavomere ndi chinthu chonenedwa zisanachitike, cholembedwa ndi deti lake, chatsatanetsatane moti chikalephera aliyense aone kuti chalephera, ndipo chibwerezedwe kangapo. Zoti "wina m'banja mwanu adwala chaka chino" ayi, banja lake liti lomwe satenga malungo?

Anthu anayesapo. James Randi, katswiri wa masewera a matsenga ku America, anayamba mu 1964 kulonjeza ndalama kwa aliyense woonetsa mphamvu zachilendo poyesedwa moyang'aniridwa, ndalamayo inakwera mpaka madola 1 miliyoni, mpikisano unatsekedwa mu 2015 palibe anaitenga. Kwathu konkuno a George Thindwa, odziwika potsutsa zoti ufiti ulipo, anaikapo ndalama kuti wodziwa kulodza awalodze, osapezeka. Ngakhale Akatolika ku Lourdes, malo a ku France komwe odwala amakapempherera machiritso, savomera chisawawa, ali ndi ofesi ya madokotala kuyambira 1883, ndipo mwa anthu pafupifupi 7,000 onena kuti anachira, tchalitchi chavomereza oposa 70 pang'ono basi. Awanso dokotala amangoti sitikutha kufotokoza, zoti ndi chozizwitsa amanena ndi bishopu.

Ndimaumirira chonchi chifukwa cha 2017, mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe anthu anaphedwa, umboni wake unali "ndamva kwa aneba".

Ndiye gulani kope pa Tsoka market, azakhali akalota mulembe tsiku lomwelo, kaya zichitika kaya ayi. Disembala ikafika mundijambulire masamba onse, osang'amba ngakhale limodzi.