Funsani za Zitsamba ndi Kadyedwe

Funso: Ndinagula ufa wa chammwamba mumsika koma ndi wotuwa ndipo ukununkha chinyontho. Mlamu wanga amanditumizira masamba aawisi kuchokera ku Karonga. Ndingaupange bwanji ndekha, nanga ndizidya wochuluka bwanji poti ndimamwa ma ARV? — Mayi wa ku Chibavi

Yankho: Mayi, ufa munagulawo tayani. Ufa wabwino umakhala wobiriwira kwambiri, fungo lake ngati la udzu wouma. Ukatuwa ndiye kuti masamba anayanikidwa padzuwa kapena anachedwa kuuma mpaka kuchita chuku.

Masamba akafika musawagoneke m'thumba la pulasitiki, amatenthana n'kuyamba kuola. Atsukeni m'madzi oyera, apululeni kuchotsa timitengo, ndipo ayaleni mopyapyala pa lichero kapena pansalu yoyera, pamthunzi pomwe pakupita mphepo. Dzuwa limawononga vitamini A, amene ndi chimodzi mwa zomwe mukufuna m'masambawo. Muziwatembenuza kawiri pa tsiku. Vuto la kuno ku Mzuzu ndi nkhungu ndi mvula yowaza: mu June ndi July masamba amatha sabata yonse ali lende, chuku n'kulowa. Konzani ufa wanu mu September ndi October, pomwe masiku 3 kapena 4 amakwana. Tsamba louma bwino limafumbutuka mukalitikita ndi zala; likangopindika, silinaume. Sinjani mumtondo wouma, sefani, thirani m'botolo lotseka bwino ndi kuliika pamdima.

Yambani ndi theka la supuni yaing'ono pa tsiku kwa sabata imodzi, kenaka muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka supuni yaikulu imodzi. Oyamba ndi wambiri amatsegula m'mimba. Thirani m'phala kapena m'ndiwo mutaphula kale pamoto. Mizu ndi makungwa a mtengowu musadye, makamaka ngati muli oyembekezera.

Za ma ARV tikutsindika: chammwamba ndi ndiwo, sichichepetsa kachilombo, choncho musadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Ma ARV ambiri masiku ano ali ndi mankhwala otchedwa dolutegravir, amene salowa bwino m'thupi akakumana ndi calcium kapena ayironi wambiri, ndipo chammwamba chili nazo zonse ziwiri. Ngati mumamwa mankhwala m'mawa, ufawo uzilowa m'ndiwo za madzulo. Auzeninso a ku kiliniki kuti mukudya ufawu.

Funso: Akazi anga ndi oyembekezera ndipo ku sikelo awauza kuti magazi ndi ochepa. Anzawo akuti aziwiritsa masamba a mapeyala ndi chidede. Kodi zimathandiza? — Bambo wa ku Zolozolo

Yankho: Mwachita bwino kufunsa, bambo. Madzi a masamba amenewa amafiira, n'chifukwa chake anthu amawayesa magazi, koma kufiirako ndi mtundu chabe. Thupi limapanga magazi pogwiritsa ntchito ayironi ndi folic acid, ndipo mayi woyembekezera amafuna zochuluka kuposa zomwe kapu ya masamba ingapereke. Mapiritsi omwe analandira ku sikelo azimwa tsiku lililonse. Chimbudzi chikada asadandaule, ndi mmene amachitira. Akamachita nseru azimwa atadya kapena pokagona, osati kusiya.

Mbale yawo isasowe usipa wodyedwa ndi mitu yomwe, nyama ikapezeka, nyemba, bonongwe, chisoso ndi chigwada chophikidwa mpaka kupsa. Ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba amalowa movutikira, koma vitamini C amamuthandiza: gwafa mmodzi, lalanje kapena madzi a malambe pa nthawi ya nsima yomweyo. Zinthu ziwiri zimabweza ntchito m'mbuyo. China ndi soda wothira m'ndiwo, amene amawononga mavitamini. China ndi tiyi, yemwe timamukonda kuno chifukwa cha kuzizira. Amatsekereza ayironi, ndiye azidikira ola limodzi kapena awiri atadya.

Malungo ndi njoka za m'mimba zimathanso magazi, choncho SP (mapiritsi oteteza ku malungo) komanso mankhwala a njoka a ku sikelo asawaphonye, ndipo azigona m'neti. Mukaona m'zikope ndi m'manja mwayera, akupuma mwawefuwefu kapena mtima ukuthamanga atangokhala, musadikire tsiku la sikelo, pitani nawo ku chipatala cha Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital tsiku lomwelo.

Funso: Mwana wanga wa zaka 4 akatentha thupi, agogo ake amamumwetsa madzi a nimu. Ndiwaletse? — Mayi wa ku Luwinga

Yankho: Aletseni mwaulemu, mayi, koma aletseni ndithu. Kuwawa kwa nimu si umboni woti akupha tizilombo ta malungo, ndipo mafuta a nimu aika kale ana aang'ono pangozi ya kusanza ndi kukomoka. Mwana wosakwana zaka 5 malungo amamufooketsa m'maola ochepa. Akayezedwe magazi tsiku lomwe watenthalo. Zotsatira zimatuluka m'mphindi 15 mpaka 20. Akampeza ndi malungo alandira LA, yemwe dziko lino lakhala likugwiritsa ntchito kuyambira 2007: kawiri pa tsiku kwa masiku 3, ndi chakudya cha mafuta pang'ono monga phala la nsinjiro kapena mkaka kuti mankhwala alowe bwino. Akasanza pasanathe mphindi 30 atamwa, mumwetseninso ndipo mukatenge ena olowa m'malo kuchipatala.