Za mawu ovuta a m'mabuku a Chisomo

Achemwali, mayi a Chisomo, uthenga wanu ndauona, ndipo ndasankha kuyankha ndi pakamwa chifukwa nkhaniyi ndi yaitali. Mwapempha kuti ndikutumizireni mndandanda wa mawu ovuta a Chingerezi oti Chisomo aloweze, popeza chaka chino ali m'giredi 11 kumeneko ku Indiana, m'dziko la America, ndipo akuwerenga mabuku a ku America a zaka za m'ma 1800. Mndandandawo ulipo, ndipo aphunzitsi ake angathe kumupatsa mawa lomwe. Koma inu, achemwali, simungadzuke pakati pa usiku n'kulemba pagulu la banja lonse chifukwa cha mndandanda. Ine ndikuona kuti mwana anakubweretserani buku kuti mumuthandize, ndipo inuyo amene munkatiposa tonse pa Chingerezi, amene munkatikonza ngakhale tili pa nsima, munaima pa tsamba loyamba, ndiye mtima wanu wayamba kunena kuti mwana atsalira chifukwa cha inu. Musandikanire, ndikukuonani mukupukusa mutu ngati amayi aang'ono.

Ngati buku lake ndi lija la Nathaniel Hawthorne, The Scarlet Letter, dziwani kuti limavuta ngakhale ana obadwira komweko. Linatuluka mu 1850, koma nkhani yake imachitikira ku Boston m'zaka za m'ma 1640, ndipo wolembayo anachita dala kuwalankhulitsa anthu ake Chingerezi chakale, chofanana ndi cha m'Baibulo la King James la mu 1611. Komanso masamba oyambirirawo si nkhani yeniyeni ayi, ndi mawu oyamba aatali onena za ntchito yomwe iyeyo ankagwira pa ofesi ya kasitomu, yolipiritsa msonkho wa katundu wofika padoko, mumzinda wa Salem, ndipo ndi pamene anthu ambiri amagwera mphwayi.

Dikirani pang'ono... ndakumbukira malume athu, ndipo sindingathe kupitiriza ndisanawatchule. Mukukumbukira chaka chomwe anabwera kuchokera ku Joni? M'sutikesi yawo munali bulangeti la agogo, wailesi, ndi dikishonale yaikulu yachikuto chofiira. Inu munali wamng'ono, mwina mukungokumbukira maswiti okha, poti ndinu amene munadya ambiri. Malume anatsimikiza mtima kuti aloweza dikishonale yonseyo kuyambira pa chilembo A, tsamba limodzi tsiku lililonse. Akaweruka, ankakhala pakhonde ndi nyali ya koloboyi, n'kumakopera mawu m'kope, kenako n'kuitana ife ana kuti tiwafunse mafunso ngati ndife aphunzitsi. Akalakwitsa liwu limodzi ankabwereza tsamba lonse, ndipo palibe amene ankaloledwa kuseka. Anachita zimenezi mokhulupirika kwa miyezi yambiri mpaka anafika pa chilembo D, ayi, anadutsa pamenepo, chifukwa ndikukumbukira kuti kope lomaliza linali la F.

Ndiye inabwera nkhani ija ya fizi ya achimwene. Malume anati kalata yopita kwa ahedi alemba okha m'Chingerezi, ndipo anailemba usiku wonse, n'kuikamo mawu akuluakulu onse amene anawasunga. Liwu lililonse linali loona malinga ndi dikishonale, koma palibe lomwe linakhala pamalo pake, moti ahediwo anawaitanitsa n'kuwapempha mwaulemu kuti afotokoze m'Chichewa zomwe ankafuna. Anabwerera kunyumba ali chete, ndipo tsiku limenelo sanayatse nyali.

Chomwe chinatidabwitsa chinachitika patapita milungu ingapo, pamene kutchalitchi kunabwera mlaliki wachilendo ndipo womasulira wathu anali atadwala. Akulu a mpingo anakankhira malume kutsogolo. Mlendoyo anawerenga nkhani ya Yosefe ndi abale ake m'Chingerezi chakale chomwe chija, chodzaza ndi "thee" ndi "thou", ndipo malume anamasulira ulaliki wonse osapunthwa, mpaka amayi a chigwirizano anaimba nthungululu. Madzulo ake agogo anawafunsa kuti zatheka bwanji munthu wolephera kalata ya mizere khumi kumasulira ola lathunthu. Iwo anayankha kuti nkhani ya Yosefe anaidziwa ali mwana, choncho liwu lachilendo likabwera ankadziwa kale pomwe likupita. Kuchokera tsiku limenelo anasiya kuloweza dikishonale, anayamba kutsegula Buku Lopatulika ndi Baibulo la Chingerezi pamodzi pamphasa, ndime ndi ndime, ndipo dikishonale ankaitsegula pokhapokha liwu likawakanika kawiri. Ine Chingerezi changa ndinachiphunzira pamphasa imeneyo.

Zofanana ndi zimenezi zili m'buku lina lomwe ana a giredi imeneyo amawerenga kawirikawiri, la Frederick Douglass, lomwe linatuluka mu 1845. Iyeyu anabadwira mu ukapolo ku Maryland, ndipo amafotokoza kuti ali mnyamata ku Baltimore ankamva azungu akutchula liwu lakuti "abolition" nthawi iliyonse kapolo akathawa kapena akachita chinthu chowakwiyitsa. Anakaliyang'ana mu dikishonale, n'kupeza kuti limatanthauza kuthetsa chinthu, koma sanadziwe chomwe chinkafunika kuthetsedwacho. Analimvetsa pokhapokha atawerenga m'nyuzipepala za anthu a kumpoto kwa America omwe ankapempha boma kuti lithetse ukapolo ku District of Columbia, dera lomwe kuli likulu la dzikolo.

Ndiye yankho langa ndi ili, achemwali: Chisomo ayambe wadziwa nkhani, mawu abwere pambuyo. Asanatsegule buku la Hawthorne, adziwe kuti muli mayi amene wabereka mwana kunja kwa banja m'mudzi wa anthu opemphera mwamalamulo okhwima, ndipo akulu amulamula kuvala chilembo A pachifuwa. Akadziwa zimenezo, liwu lakuti "ignominy" aliona lokha kuti ndi manyazi ochitiridwa pagulu, ndipo "scaffold" aidziwa kuti ndi nsanja yomwe amamuimikapo kuti mudzi wonse umuone. "Thou" ndi "thee" ndi iwe wathu yemweyu, ndipo mwana woleredwa m'nyumba yosiyanitsa iwe ndi inu sangavutike nazo. Asanawerenge Douglass, adziwe kuti mu 1850 kunakhazikitsidwa lamulo lokakamiza anthu ngakhale a kumpoto kubweza akapolo othawa, kuti nkhondo yapachiweniweni inamenyedwa kuyambira 1861 mpaka 1865, ndi kuti ukapolo unathetsedwa m'malamulo a dzikolo mu 1865. Pamenepo mawu ngati "fugitive", wothawa, ndi "overseer", kapitawo wa akapolo, sakhalanso oloweza.

Kope akhale nalo ndithu, koma mawu azisankha yekha kuchokera m'mutu womwe akuwerenga, ochepa chabe, ndipo liwu lililonse alilembe pamodzi ndi chiganizo chomwe walipezamo.

Pali chinanso... ichi ndikunena mosamala chifukwa ana akumva pagulu pano. Akadzafika pa buku la Mark Twain lonena za Huckleberry Finn, dikishonale siidzamuthandiza, chifukwa mawu ambiri analembedwa mmene anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi ankawatchulira, ndipo amamveka bwino munthu akawerenga mokweza kapena akabwereka ku laibulale buku lomvetsera. Koma m'buku lomwelo muli liwu lonyoza anthu akuda lomwe limabwerezedwa koposa ka 200, ndipo Chisomo adzalimva m'kalasi momwe mwina anthu akuda ndi ochepa. Liwu limenelo simudzalipeza pa mndandanda uliwonse, koma ndi lomwe muyenera kukambirana naye kunyumba lisanamupeze, ndiponso mufunse aphunzitsi ake mmene amachitira akafika pamenepo.

Choncho musadziimbe mlandu kuti simukudziwa mawuwo. Ntchito yanu ndi kukhala naye pansi, akufotokozereni nkhaniyo m'Chichewa chake chothyokathyokacho, inu muzifunsa kuti kenako zinatani, ndipo akalephera kufotokoza mudziwe kuti pamenepo ndi pomwe pali liwu lofunika kulifufuza. Mwandimva, mayi a Chisomo? Nkhani patsogolo, mawu pambuyo, ndipo mbali ya nkhaniyo ndinu amene mungaithe kuposa mndandanda uliwonse, poti kufunsa mafunso simunayambe mwatopa nako chibadwire.

Mumuuze andiimbire Loweruka masana a kwanuko, buku lili m'manja. Tidzadumpha za ofesi ya kasitomuzo, n'kuyambira pa mutu wachiwiri, pamene mayi uja akutuluka m'ndende atanyamula khanda lake, ndipo inunso mudzakhale pafupi ndi foniyo.