Tifunseni: Mvula ikagunda malata, mtima sukhalanso m'malo

Makalata a mwezi uno achokera ku Mangochi, kwa amayi amene mvula, chilala ndi nyanja zawasiya ndi maganizo. Mayina tawabisa monga mwa nthawi zonse.

Funso: Ndimakhala kufupi ndi pomwe mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 khoma la kuchipinda linagwa usiku, mwayi wake ana tinali titawatulutsa. Chaka chotsatira nyanja inakwera, madzi mpaka pakhonde. Kuyambira pamenepo, mvula ikangoyamba kugunda malata ndimadzidzimuka, mtima kuthamanga, thukuta kamukamu, n'kuchezera kuunika makoma ndi tochi. Apongozi akuti ndagwidwa ndi majini. Kodi misala imayamba chonchi? *Mayi wa ana anayi, kwa Mponda*

Yankho: Ayi mayi, imeneyi si misala. Munthu amene anaona khoma likugwera pamphasa pomwe pamagona ana ake, thupi lake siliiwala msanga. Likamva mvula limayamba kukonzekera kuthawa lisanaone n'komwe ngati ngozi ilipo. Mtima umagunda mofulumira kuti magazi afike m'miyendo, mpweya umabanika, tulo timabalalika. Usiku wa namondwe uja zimenezi zinakuthandizani kupulumutsa ana. Chovuta n'choti panopa thupi likuchita chimodzimodzi ngakhale pa mvula yowaza.

Sitikunamizani kuti sizidzachitikanso. Namondwe wa Idai anabwera mu 2019, wa Ana ndi wa Gombe mu 2022, wa Freddy mu 2023, ndipo amene amakhala m'mbali mwa nyanja ali ndi chifukwa chomveka chokhalira tcheru. Chomwe tikufuna n'choti tcheru chimenechi chizigwira ntchito masana, usiku muzigona.

Yambani ndi kuchipatala. Akuyezeni malungo, kuchuluka kwa magazi ndi BP. Kuchepa kwa magazi kumathamangitsa mtima ndi kufooketsa thupi mofanana ndi nkhawa, ndipo kwa amayi a kunyanja, komwe malungo ndi likodzo sizisowa, n'kofala. Mukatero mudziwa chomwe mukulimbana nacho.

Kenako phunzirani kapumidwe kotsitsa mtima. Khalani pansi, dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga chamumtima mpaka 3, mimba itukuke, mapewa asakwere. Utulutseni pang'onopang'ono ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 5, ngati mukuuzira phala la mwana. Bwerezani kwa mphindi 5. Ambiri amalakwitsa pawiri. Ena amakoka mpweya wambiri mothamanga, zomwe zimabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala, mantha n'kuwonjezeka. Ena amadikira mpaka usiku wa mvula kuti ayese koyamba, ndiye sizigwira, n'kunena kuti n'zachabechabe. Muzichita kawiri pa tsiku mtima uli m'malo, m'mawa ndi madzulo, kwa milungu iwiri, kuti thupi lizolowere.

Za nyumba zichiteni dzuwa likuwala. Khoma la zidina limagwa chifukwa madzi akhazikika m'tsinde mwake n'kufewetsa mizere yapansi, choncho kumbani ngalande kuzungulira nyumba yolozetsa madzi kutsetse, ndipo kwezani dothi m'tsinde mwa khoma. Mng'alu uliwonse pakhoma muulembe ndi khala pomwe wathera. Ukapitirira chizindikirocho mudziwa kuti ukukula, ukapanda kutero simufunikanso kuwuunika kasanu usiku umodzi. Zikani ndodo pakati pa nyumba ndi madzi, muilembe mizere, ndipo mugwirizane pabanja kuti madzi akafika pamzere wakuti mukusamuka osakambirananso. Kothawira kudziwike kale, kaya ndi kusukulu, kumzikiti, kutchalitchi kapena kwa achibale kumtunda. A komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi mwanu akuuzani malo omwe anakonza. Chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala, makadi a sikelo, mankhwala omwe mumamwa ndi tochi zikhale m'jumbo imodzi yomanga bwino, yopachika pafupi ndi chitseko.

Usiku wa mvula yamphamvu muzisinthana ulonda ndi bambo kapena anansi, wina maola atatu, wina atatu. Mtima umalola kugona ukadziwa kuti pali wina ali maso. Za nyengo muzimvera pawailesi kamodzi kapena kawiri pa tsiku kuchokera ku nthambi yoona za nyengo, basi. Makanema a madzi osefukira oyenda pa WhatsApp, ambiri mwa iwo akalekale kapena a kumayiko ena, musawaonere madzulo. Tiyi wamasamba ambiri nayenso amathawitsa tulo.

Apongozi musakangane nawo. Mapemphero ndi chipatala sizilimbana, ndipo mutha kuwapempha kuti akuperekezeni konse kuwiri. Popeza zakhala nanu kupitirira chaka, pitani ku chipatala chachikulu cha boma ku Mangochi mukafunse namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo, makamaka ngati mumalota khomalo likugwa kapena mumaona ngati zikuchitikanso muli maso. Vutoli limachizika. Mapiritsi ogonetsa ogula pamsika musawayandikire, amazolowereka ndipo mantha amabwerera pomwepo mukangosiya.

Funso: Ndimagula usipa kudoko n'kukagulitsa ku Limbe. Ndinatenga K200,000 ku banki mkhonde, koma mvula inagwa masiku anayi osalekeza, usipa wonse unaolera pathandala. Bambo ali ku Joni, asiya kutumiza. Kugulu ndasiya kupita chifukwa cha manyazi. Chakudya sichikulowa, kusamba ndimachita kudzikakamiza, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti bola nditangofa ana apume. Ndichite chiyani? *Mayi wa geni, ku Monkey Bay*

Yankho: Mayi, mawu anu otsirizawo ndi amene tiyambire, chifukwa ngongole ingadikire koma iwo sangadikire. Lero lomwe lino uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, mchemwali, mnzanu wa pamtima, mayi wa kumpingo kapena kumzikiti, ndipo mumuuze momwe mwatilemberamu, osazungulira. Mumupatse akasunge kwawo tameki, mankhwala a makoswe, a mbozi za m'munda, a anankafumbwe ndi mapiritsi alionse ochuluka. Maganizo ofuna kudzipha amabwera mwamphamvu kwa kanthawi kenako amatsika, ndipo anthu ambiri amapulumuka chifukwa choti pa ola loipalo panalibe choopsa pafupi. Musagone nokha masiku ano. Mawa mupite kuchipatala ndi munthuyo.

Ana sangapume mayi awo atapita. Ganizo limenelo likuchokera ku matenda, ndipo zomwe mwafotokozazi ndi zizindikiro zake: kukhumudwa tsiku lonse, kusakondwanso ndi zomwe munkakonda, kusadya, kufooka, kudziona wopanda pake. Zikapitirira milungu iwiri timati ndi matenda a kukhumudwa, osati ulesi kapena kuchepa chikhulupiriro. Achipatala amathandiza ndi uphungu, ndipo ena amapatsidwa mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline. Mankhwalawa sagwira tsiku lomwelo, pamatenga milungu iwiri mpaka inayi, ndipo masiku oyamba ena amamva nseru, kuuma m'kamwa kapena tulo. Apa ndi pomwe ambiri amasiyira. Ena amasiya akangoyamba kupeza bwino, matenda n'kubwerera, pomwe amayenera kumwedwa miyezi 6 kapena kupitirira munthu atachira. Dokotala mumuuze za maganizo a imfa aja, kuti asankhe mankhwala oyenera ndi kukupatsani ochepa nthawi imodzi.

Tsopano ngongole. Kubisala kumaikulitsa, chifukwa chiwongoladzanja chikuwerengedwabe ndipo anzanu ayamba kuganiza kuti mwathawa dala. Musadikire tsiku logawana. Pitani kwa wapampando ndi mlembi musanakumane ndi gulu lonse, mutenge mnzanu wokuperekezani, munene zomwe zinachitika ndi ndalama yomwe mungathe kubweza pa mlungu, ngakhale ikhale yochepa. Pemphani kuti aone masheya anu, aimitse chilango, ndipo ngati gulu lili ndi kathumba ka pamavuto mufunse ngati mungathandizidwe nako. Amayi a m'gululo mvula ija anaiona, ena mwa iwo inawaoletseranso nsomba. Katapila wobwezera ngongoleyi musatenge. Ndipo mukabwerera kudoko chimanjamanja, mupeza ena okuuzani kuti nsomba mutenge ulere bola mugone nawo. Kumeneko kuli HIV ndi chisoni choposa ichi. Pitani kudoko muli awiri kapena atatu, muzigula pamodzi.

Mukadzayambiranso geni, nyengo ya mvula musaike mpamba wonse pa usipa woyanika. Gulani wochepa womwe mungaufutse, kuukazinga kapena kuuwamba tsiku lomwelo kukachita mitambo, ndipo funsani alangizi a za usodzi ngati pafupi pali nyumba ya pulasitiki yoyanikiramo nsomba, chifukwa m'madoko ena a ku Mangochi zilipo.

Pakadali pano musadikire kuti mtima ufune kaye. Sankhani kanthu kamodzi pa tsiku, kusesa pabwalo, kukatunga madzi limodzi ndi anzanu, kukhala pakhonde la mnansi kwa theka la ola, ndipo muchite ngakhale musakufuna. Pa matenda amenewa chilakolako chimabwera pambuyo pa kuchita.

Kwa owerenga ena: munthu akamwa mankhwala a tizilombo musamusanzitse, musamupatse mkaka kapena mafuta. Thamangirani naye kuchipatala, botolo kapena pepala la mankhwalawo mutenge.

Funso: Ndine mtsogoleri wa gulu la amayi achisilamu a dawa. Chichokereni chilala cha 2024, pomwe chimanga chinauma chisanabereke, tikakumana amayi ena amangolira, ena amangoti duu. Ine ndimawauza kuti alimbe mtima, koma ndikuona kuti sizikuthandiza. Ndiziti chiyani? *Mtsogoleri, ku Namwera*

Yankho: Mwachita bwino kuona zimenezi, mayi. Chilala chimene chija chinali chachikulu ndithu, mpaka boma linalengeza mu Marichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo amene amayang'ana m'mphika wopanda kanthu ana akudikira ndi mayi. Mawu oti "limbani mtima" ndi abwino, koma akafulumira amamveka ngati "khalani chete". Muziyamba ndi kumvetsera. Funsani kuti, "Chikukusowetsani tulo kwambiri n'chiyani masiku ano?" kenako dikirani, ngakhale patapita kanthawi wina asanayankhe. Wolira msiyeni alire, mukhale naye pafupi. Wosafuna kulankhula musamukakamize, ndipo amene anaona zoopsa musamuumirize kufotokoza mwatsatanetsatane, chifukwa kwa ena kutero kumatsegulanso bala.

Gulu likakhala lalikulu anthu samasuka. Agaweni akhale 8 mpaka 12, mozungulira pamphasa, kwa ola limodzi, tsiku lomwelomwelo mlungu uliwonse. Lamulo loyamba likhale loti zokambidwa pano zithere pano. Magulu ambiri otere amafa nkhani ya mmodzi ikamveka kuchigayo.

Musamabalalike mutangolira. Tsiku lililonse lokumana tengani vuto limodzi la mayi mmodzi, laling'ono lotheka, monga kusowa mbewu ya chinangwa kapena mbatata ya kholowa, osati "njala" yonse. Aliyense aponyepo nzeru popanda kutsutsana, mwiniwake asankhe imodzi, anene tsiku lomwe achite ndi yemwe amuperekeze. Mlungu wotsatira muyambe ndi kumufunsa kuti zinayenda bwanji. Zikakanika, sankhani ina.

Pali ena amene gulu palokha silingawathandize: wolankhula za kudzipha, wosiya kudya kapena kusamalira khanda, womva mawu omwe ena sakuwamva, wosagona masiku angapo motsatizana. Amenewa aperekezeni kuchipatala, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuthandizani njira. Njala ikalowa m'nyumba nkhanza nazonso zimachuluka. Mayi womenyedwa angaimbe ulere pa 5600 kapena kupita ku Victim Support Unit kupolisi, ndipo za ana, monga mtsikana amene akufuna kumukwatitsa kuti pakhomo papepuke, nambala yake ndi 116. Inunso mukhale ndi wina wokumvetserani, musinthane utsogoleri wa zokambiranazi ndi mnzanu.

Funso: Mwana wanga ali ndi miyezi itatu. Chisamukireni kuthawa madzi ndili ndi nkhawa ndipo mkaka ukuoneka ngati wachepa. Anthu akuti nkhawa yaumitsa mawere, ndiyambe kumupatsa phala. Zoona? *Mayi wachitsikana, ku Malindi*

Yankho: Phala ayi, mwana wathu. Nkhawa siumitsa mkaka, imangochedwetsa kutsika kwake kwa kanthawi. Chomwe chimauchepetsa ndi kuyamwitsa mwa apo ndi apo, ndiye mukayamba phala mwana aziyamwa pang'ono, mkaka n'kucheperadi, kuwonjezera apo madzi a pamalo osefukira angamutsegulitse m'mimba. Muyamwitseni pafupipafupi, kosachepera ka 8 usana ndi usiku, atsirize bere limodzi musanamupatse linalo. Musanayambe, khalani pansi, mumuike pachifuwa khungu kukhudza khungu, mupume pang'onopang'ono monga tafotokozera pamwambapa. Ngati akukodza ka 6 kapena kupitirira pa tsiku ndipo kusikelo akukwera, mkaka ukukwana. Bere lokha mpaka miyezi 6. Akakhala kuti sakukodza mokwanira, akufooka, kapena inu mukulira masiku ambiri osamva chikondi pa mwanayo, pitani kusikelo mlungu uno mukawauze anamwino zonse ziwiri, za mwana ndi za inu.