Funso la owerenga: ndipite nawo kunja kwa piste mu sinowo yakuya?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Mufakose ku Harare, makolo ake kwawo ndi ku Dedza, panopa ali ku Méribel ku France akugwira ntchito kukhitchini ya hotela. Akuti waphunzira snowboard, masewera otsetsereka pa sinowo utaima pa bodi imodzi, kwa masabata atatu, ndiye anzake akumukoka kuti tsiku lopuma akatsetsereke kunja kwa tinjira tokonzedwa tija amati piste, mu sinowo yatsopano yakuya yomwe iwo amati powder. Akufunsa, ndipite nawo?

Achimwene, ine ndinagwirako ntchito kumapiri omwewo nyengo zozizira zitatu ndisanabwerere kuno ku Highfield, ndiye sindikunamizani ayi, powder ndi yokoma zedi. Pa piste paja makina amakhala apondaponda usiku, pansi pamalimba, bodi imalira khwee. Koma mu powder muli zii, ngati mukuyandama mu ufa woyera wosefa, mumangopondera pang'ono mwendo wakumbuyo kuti mphuno ya bodi isamire basi. Mudzapite ndithu. Koma osati panopa, komanso osati pongotsatira anzanuwo.

Masabata atatu ndi ochepa. Ine tsiku loyamba ndinagwa mu sinowo yofika m'chiuno, ukati utsamire dzanja, dzanja likungolowa, miyendo yonse yamangidwa pa bodi imodzi, ndinatha nthawi yaitali ndikupalasa mpaka mpweya kundithera, ndipo ndinachita mantha enieni. Pafupi ndi mitengo ndiye koopsa kwambiri, patsinde pamakhala dzenje lobisika, munthu akagweramo chamutu amabanika. Pansi pa ufa wokongolawo palinso miyala. Michael Schumacher, katswiri uja wa mpikisano wa magalimoto, anavulala konko ku Méribel mu Disembala 2013, kampata kakang'ono pakati pa ma piste awiri, anamenyetsa mutu pa mwala chipewa cholimba ali nacho kumutu.

Koma chomwe chimandisowetsa tulo ndikaganiza za inu ndi avalanche, kugumuka kwa sinowo m'phiri. Agogo athu ankatiuza za Napolo wotsika m'phiri la Zomba ndi Mulanje, ndipo ife a kuno tinaona zomwe zinachitika ku Chimanimani mu 2019 nthawi ya Idai, phiri kutsika ndi miyala yomwe. Ndi chomwecho, kungoti ndi sinowo. Mphepo imaunjika sinowo mbali imodzi ya phiri n'kulimba pamwamba, pansi pake pali ina yosagwirana, ndiye zili ngati thabwa lomwe laikidwa pa shuga, mukangopondapo thabwa lonse limang'ambika n'kutsetsereka inu muli pomwepo. Nthawi zambiri amene wakwiririka ndi yemweyo kapena mnzake amene waiyambitsa. Imakonda malo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, omwenso ndi malo amene amakoma kutsetserekapo, vuto lili pamenepo. Ndipo musanyengedwe ndi mizere ya anthu omwe adutsa kale, atha kudutsa asanu bwinobwino n'kudzagumukira wachisanu ndi chimodzi. Prince Friso wa ku Netherlands anakwiriridwa ku Lech ku Austria mu 2012 kunja kwa piste, anamufukula koma sanatsitsimuke mpaka kumwalira chaka chotsatira.

Tsiku lililonse Météo-France, nthambi yoona zanyengo ya ku France, imatulutsa chenjezo la avalanche, kuyambira 1 mpaka 5, ndipo amalemba pomwe mumakwerera ma lift, makina okweza anthu pamwamba pa phiri. Anthu akaona 3 amati ili pakatikati tiyeni, chonsecho ngozi zambiri zakupha zimachitika pa 3 pomwepo, chifukwa pa 4 ndi 5 ambiri amaopa okha.

Zida ndi zitatu: DVA, kachipangizo kovala m'kati mwa jekete kotumiza siginolo kuti akupezeni, ndodo yaitali yopinda yobayira mu sinowo, ndi fosholo. Aliyense pagulu akhale nazo komanso azidziwa kugwiritsa ntchito, chifukwa munthu akafukulidwa mphindi 15 zisanathe nthawi zambiri amapulumuka, kupitirira apo mwayi umatsika msangamsanga, ndiye helikoputa siingafike nthawi yake, okufukulani ndi anzanu omwewo. Sinowo ya avalanche ikaima imalimba ngati konkire, ndi manja simungakumbe. Afunseni anzanuwo kuti DVA ali nayo? Anayesererako kufufuza? Akayamba kuseka kapena kuzemba, asiyeni apite okha.

Chomwe ndingakulangizeni, nyengo ino khalani pa piste mpaka ma piste ovutirapo aja a chizindikiro chofiira muzitsika osaganiza za miyendo. Kukagwa sinowo usiku lawirirani m'mawa, pa piste penipeni pamakhala powder yosapondedwa, muphunzirire pamenepo. Kenako sonkhani ndalama anthu anayi kapena asanu mulipire mphunzitsi wa ESF, sukulu ya ku France yophunzitsa kutsetsereka pa sinowo, aja a majekete ofiira, kapena gaidi wa m'mapiri, akutengeni tsiku limodzi. Ndi zodula inde, ndikudziwanso kuti kunyumba akudikira kangachepe mwezi ukatha, koma gaidi amadziwa mbali iti mphepo yaunjika sinowo usiku wathawu.

Inshuwalansi yanu muiwerengenso bwino, zambiri sizilipira ngozi ya kunja kwa piste ngati munalibe gaidi, ndipo kumeneko kukunyamulani paphiri amalipiritsa. Nambala ya ngozi ndi 112, isungeni mu foni lero lomwe. Mundilemberenso mawa mundiuze kuti pa bolodi la pa lift alemba nambala yanji.