Adiresi ya IP yolemba pamanja ndi masiku atatu amene ndinataya ku Katoto

Bambo wina wa ku Luwinga, ku Mzuzu, wandilembera imelo kuti atalemba yekha adiresi ya IP (nambala imene chipangizo chimadziwika nayo panetiweki) pakompyuta ya mu ofesi yake, kachizindikiro kakuonetsa kuti yalumikizidwa, koma palibe tsamba limene likutseguka. Bambo, funso lanu latosa chilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola.

Zaka zingapo zapitazo ndinkathandiza mlongo wanga pakashopu kake kosindikiza mapepala ku Katoto. Pulinta inkasowa panetiweki magetsi akathima ndi kuyakanso, chifukwa rauta, kabokosi kogawa intaneti, inkaipatsa adiresi ina. Ine, podzimva ukatswiri, ndinalembera pulinta 192.168.1.20, kompyuta 192.168.1.21, ndipo zinayenda bwino kufikira tsiku limene mphenzi inaotcha rautayo, mlamu wanga n'kugula ina ya Huawei. Pakompyuta intaneti inafa, pamene mafoni onse ankagwira bwinobwino. Ndinasintha chingwe kawiri, ndinagula bandulo ina poganiza kuti yoyamba yatha, ndinanyoza kampani ya netiweki pamaso pa ophunzira amene anaima pakhonde, mafulashi ali m'manja, mvula ya kuno kwathu ikuwaza. Tsiku lachitatu ndinatembenuza rauta ija n'kuwerenga kapepala komata kunsi kwake: adiresi yake inali 192.168.8.1. Masiku onsewo kompyuta inali kugogoda pakhomo la 192.168.1.1, adiresi ya rauta yakale ija, nyumba imene mwini wake anasamuka kale.

Kuchokera pamenepo ndimanena mosapsatira kuti kulemba adiresi pamanja pakompyuta wamba ndi kudzisenzetsa katundu wa rauta popanda chifukwa. DHCP, njira imene rauta imapatsira yokha zipangizo manambala, imagawa zinthu zinayi nthawi imodzi, adiresi, subnet mask (nambala yosonyeza malire a netiweki yanu), gateway (adiresi ya rauta, khomo lotulukira ku intaneti) ndi DNS (yosandutsa mayina a masamba kukhala maadiresi), ndipo mukaichotsa ntchito, zonse zinayizo zatsala m'manja mwanu. Mukaphonya nambala imodzi, kompyuta siikuuzani pamene mwalakwa. Ngakhale pulinta ija sinafunikire zimene ndinachita, pakuti marauta ambiri ali ndi DHCP reservation, imene imasungira chipangizo adiresi imodzimodziyo poyang'ana MAC address yake, nambala imene chipangizocho chinabwera nayo kuchokera kufakitale. Okonza makompyuta amene amalemba maadiresi pamanja n'kuchoka osasiya ngakhale kapepala ka manambalawo amandikwiyitsa kwambiri, chifukwa wodzavutika ndi mwini ofesi tsiku limene rauta idzasinthidwe.

Zoti muchite, bambo

Bwezerani kaye kompyutayo pa automatic kuti DHCP igwirenso ntchito, tsegulani Command Prompt (zenera lolembamo malamulo pa Windows), lembani ipconfig /all, ndipo koperani papepala gateway, mask ndi DNS zimene rauta yapereka. Mukaona adiresi yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti rauta siikuyankha n'komwe, choncho yambani ndi chingwe kapena Wi-Fi. Mukafunabe kulemba adiresi pamanja, ngati mask ndi 255.255.255.0, zigawo zitatu zoyambirira za adiresi yanu zifanane ndi za gateway, ndipo chomalizacho chikhale kunja kwa manambala amene DHCP imagawa, kuopera kuti ingalimbirane adiresi ndi foni ya munthu wina. Mukatero chitani ping (lamulo la mu Command Prompt loyesa ngati adiresi ikuyankha) ku gateway, kenako ku 8.8.8.8. Zonse ziwiri zikayankha koma masamba osatseguka, mwina mwasiya malo a DNS opanda kanthu kapena mwalembapo zolakwika, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozera ndikukayikira pomwepo; lembanipo 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare.